Chifukwa Chake Nyimbo Yoyamba Timaimba Motsitsa

Mena mwana wanga,

Ndakhala pansi pa chisakasa cha njinga masana ano, ndikung'amba mapepala osalemba mu kaderno wako wakale wa kushikola. Amayi ako ali kuseri akukumangira ufa ndi nsomba zouma zoti ukayambire moyo ku Cuamba, ndipo akuyesa kuti ndikukulembera za anyamata. Zimenezo akuuza okha, pakamwa ali napo. Ine ndili ndi nkhani imodzi imene yandikanika kunena kwa zaka zoposa makumi awiri ndi zisanu. Ndinayesa dzana, ndinayesanso dzulo tikuchokera kumunda, koma ukangondiyang'ana ndimasintha nkhani. Ndiye ndalemba. Uwerenge lero lomwe, chifukwa mawa ndi Lamulungu, ndipo tikangoweruka kutchalitchi amalume ako akunyamula pa mota, njinga yawo yamoto ija, mpaka ku Entre Lagos kuti ukakwere shapa, minibasi ya ku Cuamba.

Nkhani yake ndi ya Lamulungu lapitali. A Zakariya, mkulu wa mpingo wathu, atayambitsa nyimbo yoyamba motsitsa monga timachitira masiku onse, iwe ndi anzako a kwaya munayatsa koluna, chokuzira mawu chija munabwereka, iwe n'kutenga mikolofoni n'kuikweza nyimboyo mpaka malata kunjenjemera. Nkhalamba zonse zinaleka kuimba. A Zakariya anakhala pansi nyimbo isanathe. Pobwerera kunyumba unandiuza kuti mpingo wathu ndi wozizira, ati Mzimu sakhala pa anthu oimba ngati akuopa kudzutsa mwana. Unanenanso kuti supita kukapepesa, ndipo kalata ya mpingo, ija munthu amakatenga kwa akulu akamasamuka kuti akamulandire kumene akupita, iwe suifuna, chifukwa Mzimu safunsa kalata. Ine ndinangofulumiza kuyenda, iwe n'kuyesa kuti ndakwiya. Sikunali kukwiya, Mena, anali manyazi. Mawu amene unanenawo ndinayamba kuwanena ndine, iwe usanabadwe.

Mtendere utabwera ndinabwerera kuchokera ku Malawi ndili mnyamata, ndevu zitangoyamba kumera. Tinathawira kumeneko ndili wamng'ono, ndipo kumsasa wa othawa nkhondo ndinaphunzira kuwerenga bwino ndi kuimba kwaya. Ndinabwera ndi Baibulo langalanga, buku la nyimbo, ndi tayi wofiira amene ndinkamuvala ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kuno ku Chiuta ndinapeza tchalitchi cha udzu, mipando yake mitengo yogoneka pansi, ndi anthu ovala zigamba amene sanathawe nkhondo. Owatsogolera anali a Zakariya omwewa, imvi zisanawagwire, akuwerenga Baibulo lothothoka masamba chala chili pa mzere, liwu limodzilimodzi. Atamva mmene ndinkawerengera anasangalala, n'kundipatsa kuti ndiziwerenga mawu Lamulungu lililonse. Tsono tamva zimene ndinawabwezera. Tsiku lina akulalikira anasokoneza Eliya ndi Elisa, ine ndinaimirira pakati pa ulaliki n'kuwakonza anthu onse akumva, kuwatchulira mutu ndi ndime yomwe. Iwo anangoti zikomo mwana wanga, n'kupitiriza. Ndinakhala pansi mtima ukukoma, ndikuyang'ana mbali ya atsikana kuti ndione ngati aona. Kukoma kumeneko usamale nako, Mena, chifukwa zonse zimene ndikuuze pano zinayambira pamenepo.

Kenako ndinalimbana ndi nyimbo yoyamba ija. Ife obwerera ku Malawi tinazolowera kuimba mokweza, m'manja mukulira, ndiye zinkatinyansa kumva anthu akuyamba mapemphero ngati akunong'onezana. Nyimbo zinazo ankaimba bwinobwino, koma yoyamba yokhayo ankaitsitsa, mitu ili pansi. Sindinafunse munthu chifukwa chake. Ndikanafunsa bwanji ine wa tayi, wobwera ndi kalumo kakuthwa? Lamulungu lina ndinapangana ndi anzanga asanu, nyimbo itangoyamba tinaikweza ndi mphamvu zathu zonse. Amayi Rozina, akazi awo a Zakariya, anatseka makutu ndi manja n'kutuluka akulira, mpango utagwa pansi. Ukudziwa zimene ndinaganiza? Ndinati Mzimu wawakhudza, zoipa zikutuluka. Ndinauza anzanga choncho tikuseka pa njira.

Akulu a mpingo anandiitana pansi pa mtengo. Sanandikalipire. Anati ndisiye kuwerenga mawu kwa masabata anayi, ndizikhala pa mpando wa kumbuyo, ndizimvetsera. A Zakariya anandiuza mofatsa kuti: "Nyimbo imeneyi kuno timaimba choncho, a Tomasi. Khalani nafe pang'ono, mudzamva chifukwa chake." Masabata anayi okha, mwana wanga, mwezi umodzi. Ndikanagonja, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo lero sindikanakhala ndikulemba ndi manyazi otere. Koma ndinawayankha kuti tsobola wakale sawawa, kuti ine ndimamvera Mulungu osati anthu. Ndimeyo ilimodi m'Baibulo, koma ndinaitenga ngati chibonga chomenyera anthu amene sanandilakwire. Ukadzaona kuti ndime imene ikukubwerera msanga pakamwa ndi yokhayo yokuikira kumbuyo, uime kaye udzifunse amene wakukumbutsa. Satana naye Baibulo amalidziwa, anamuwerengera Yesu m'chipululu.

Ndinatuluka mumpingo ndi mabanja angapo a ife obwerera, tinayamba kupemphera pakhomo pa agogo ako pansi pa mango. Tinkaimba mpaka kumveka kutsidya kwa dambo. Posakhalitsa anthu anayamba kunditchula mneneri, ndipo sindinawaletse. Iwe sudziwa mmene dzina limenelo limakomera. Munthu wamkulu msinkhu wa bambo ako kukugwadira, amayi kukubweretsera nkhuku ndi mazira, onse kudikira kuti utsegule pakamwa. Poyamba ndinkanena maloto amene ndinalotadi. Koma maloto sabwera sabata lililonse, pamene anthu ankabwera sabata lililonse. Ndiye ndinayamba kuwonjezera pang'ono, kenako kupeka. Ndinkadziuza kuti palibe cholakwika, popeza anthu akulimbikitsidwa. Kumbukira, Mena, yesero la munthu wopemphera silibwera ndi mowa kapena chigololo, chifukwa zimenezo umaziona patali. Limabwera ndi anthu okuombera m'manja, iwe n'kumayesa kuti akuombera Mulungu.

Lamulungu lina ndinaona kuti anthu anga achepa, mabanja awiri atabwerera kwa a Zakariya. Mtima unandiwawa, osati chifukwa cha miyoyo yawo ayi, koma chifukwa cha mipando yopanda anthu. Ndinaimirira n'kunena kuti usiku ndalota nkhalamba yotsimphina mwendo wamanzere ikuyenda m'mudzi ndi luzi, ikumanga anthu pakamwa kuti asatamande Mulungu. Dzina sindinatchule. Panalibe chifukwa chotchulira, wotsimphina mwendo wamanzere m'mudzi muno ndi mmodzi, a Zakariya. Sindinalote chilichonse, mwana wanga. Ndinapeka malotowo m'mawa womwewo ndikusamba. Ndipo iwe ukudziwa tanthauzo lake kwathu kuno munthu akamanenedwa kuti amayenda usiku n'kumanga anzake. Sabata lisanathe ana ankawaimba a Zakariya kuti ndi mfiti. Anyamata anawagendera miyala padenga. Amayi Rozina akafika pachitsime, amayi anzawo ankanyamula ndowa zosadzaza n'kuchokapo. Ine ndinkaona zonsezi, ndikudutsa pa njinga ndi tayi wanga, osanena kanthu.

Choonadi ndinakachimvera kwa munthu amene sindinkamuyembekezera. Masiku amenewo ndinkapalasa njinga kupita kunyanja ya Amaramba kukapikula nsomba zodzagulitsa kuno, ndipo ndinkagula kwa msodzi wina wachisilamu, Che Saidi. Tsiku lina akundithandiza kumanga dengu pa kaliyala anandifunsa ngati ndine amene ndikunena za a Zakariya. Ndinavomera monyada. Anasiya chingwe. Kenako anandifotokozera kuti nthawi ya nkhondo iwo ndi anthu a kwathu kuno ankabisala limodzi m'mabango, Asilamu ndi Akhristu, kudya zikhawo ndi nsomba zopanda mchere. Lamulungu lina Akhristu anati atopa ndi mantha, apemphere ngati kale. A Zakariya anayambitsa nyimbo, nyimbo yomwe ija, ndipo anthu anaimba ndi mtima wonse, mawu n'kuyenda pamwamba pa madzi. Anthu a mfuti anamva. Nyimbo isanathe anali atafika. Anatenga anyamata asanu ndi awiri, ndipo awiri mwa iwo anali ana a Zakariya, Paulo ndi Andireya. A Zakariya anawathamangira akuchonderera, n'kuwathyola mwendo ndi thendere la mfuti. Anawo sanabwerere mpaka lero, ngakhale manda awo palibe akuwadziwa. Kuyambira pamenepo mpingo sunasiye kuimba nyimboyo, koma umaimba motsitsa.

Che Saidi anamaliza ndi mawu amene sanandichokebe m'makutu. Anati: "Ife a kumzikiti tikamadutsa pa tchalitchi chanu n'kumva nyimbo imene ija, timatsika pa njinga. Inu Mkhristu mnzawo, Che Tomasi, simunafunse n'komwe?" Ndinapalasa kuchokera ku Amaramba mpaka kuno osaona njira. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, koma phula langa ndinadyetsa anthu ena. Mwendo umene ndinautchula m'maloto abodza aja unathyoka bambo akuthamangira ana ake.

Mwina ukuyesa kuti tsiku lomwelo ndinapita kukagwada. Ayi, ndipo apa ndi pamene uone mmene kunyada kulili kouma. Ndinafika kunyumba, ndinagulitsa nsomba, Lamulungu ndinalalikira pansi pa mango ngati palibe chachitika. Ndinangosiya kutchula malotowo, ndikuyembekezera kuti anthu aiwala. Ndinkaopa kuti ndikaulula bodza limodzi, afunsa za maloto enawo, ndipo uneneri utha. Ndinasankha dzina langa, n'kusiya dzina la munthu wosalakwa m'matope.

Amene anandibweza kumpingo ndi mchimwene wako Samuele, amene sunamuone, uja anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Malungo anamutenga m'masiku atatu, ine nditalosera pamaso pa anthu kuti achira. Atamwalira, anthu anga a pansi pa mango anabalalika, ena n'kumanong'ona kuti mneneri wanji wolephera mwana wake yemwe. Amayi ako ankalira m'nyumba, ine nditakhala pakhonde osadziwa poyambira, chifukwa kufuula ndinkatha koma mwambo wa maliro sindinkaudziwa. Ndikuyang'ana kunjira ndinaona a Zakariya akubwera, khasu paphewa, akutsimphina, kumbuyo kwawo amayi Rozina atasenza nkhuni, ndi mpingo wonse umene ndinaunyoza. Amayi Rozina ndi amene anasambitsa mwana wanga. A Zakariya anakumba nawo manda, analalikira, ndipo sananene liwu limodzi lokhudza ine. Pochoka anangondigwira paphewa n'kunena kuti mpando wanga ulipo.

Ndinabwereradi. Ndinakhala pa mpando wa kumbuyo, osati masabata anayi koma chaka chathunthu, mwa kufuna kwanga, ndipo anthu anati Tomasi wadzichepetsa. Ndinalola kuti azitero. Koma kunali kudzichepetsa kwa theka, chifukwa chinthu chimodzi chofunika sindinachite. Sindinaimirire pamaso pa mpingo kunena kuti maloto aja anali abodza. Ndinkati ndinena mwezi wa mawa, ndinena tikakolola, ndinena abusa akabwera kuchokera ku vila, kutauni kuja. Zaka zinapita. Amayi Rozina anamwalira iwe uli m'kalasi yachitatu, ndipo pa maliro awo ndinamva ndi makutu anga amayi ena akunong'onezana kuti pabanja pamenepa pamayenda zinthu usiku. Ndinanyamula nawo bokosi, pakamwa ndili chitsekere. Mpaka lero alipo anthu amene salola mwana wawo kulandira chinangwa m'manja mwa a Zakariya, ndipo ambiri a iwo sadziwa n'komwe kumene nkhaniyo inachokera.

N'chifukwa chake iwe sunamve kwa ine za nyimbo ija. Nkhalamba za m'mabango sizikamba za tsiku limenelo, zimawawa. Woyenera kukuuza ndinali ine, koma sindikanaifotokoza popanda kudzitchula ndekha. Unandifunsa kamodzi uli wamng'ono, ndinakuyankha kuti ndi mwambo chabe. Ndiye Lamulungu lapitali, pamene unatenga mikolofoni, mlandu waukulu sunali wako. Ndinakuona utaima kutsogolo, mawu okoma ngati anga a kale, khosi litawongoka, ukuyang'ana uku ndi uku kuti uone amene akukuona. Ndinayang'ana a Zakariya akufufuza mpando ndi dzanja kuti akhale, ndipo ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Tsono mvera, mwana wanga. Ku Cuamba ukupita kukaphunzira unamwino, koma ukapezako matchalitchi ambiri, a makoluna akuluakulu, ndi anthu amene akangomva mawu ako adzakuuza kuti uli ndi kudzoza, kuti mpingo wa kumudzi unkakutsekereza. Mphatso uli nayodi, sindikukana, ndipo sindikuti uibise. Koma ukalowa pamalo n'kupeza chinthu chimene chikukuoneka chopusa, usayambe ndi kukonza. Yamba ndi kufunsa, ndipo ufunse nkhalamba, osati anzako. Chimene chikuoneka chozizira mwina chili ndi manda pansi pake. Ndiponso akakudzudzula akulu, ukalandire chilango chako ngakhale ukuona kuti chakulira. Mpando wa kumbuyo supha munthu, ine ndinaukhala ndikudziwa.

Usandimve molakwa. Sindikuti akulu a mpingo salakwa. A Zakariya mpaka lero amasokoneza maina a aneneri, ndipo akakakamira chinthu ngakhale abusa amatopa nawo. Ukadzaona mtsogoleri walakwitsa, upite kwa iye pambali, ndi ulemu, ngati kuli kotheka ndi munthu wina wamkulu, osati kumuvula pagulu kuti anthu aone nzeru zako. Ndipo pali kumvera kwina kumene sindikukutuma. Mtsogoleri aliyense, kaya akumutchula mneneri kaya mtumwi, akadzati ubwere wekha kuchipinda akakupempherere, kapena akadzati usiye kumvera makolo ndi mpingo wako uzimvera iye yekha, uthawe osatsanzika. Ndikudziwa mmene munthu wotere amaganizira, chifukwa ndinakhalapo pa mpando wake. Wofunika kumugonjera umamudziwira pa maliro ndi pa matenda, ngati amabwera ndi khasu kwa anthu amene anamunyoza.

Usamalenso ndi pakamwa pako ukamati Mulungu wandiuza. Mawu amenewo ndi olemera, ukawaponya sungawatolenso. Ngati sunalote, nena kuti sindinalote. Ngati ndi maganizo ako, nena kuti ndi maganizo anga. Ndipo tsiku limene udzalakwire munthu pagulu, ukapepese pagulu pomwepo, msanga, dzuwa lisanalowe kawiri. Usadzati mawa. Mawa langa lafika lero tsitsi litayera, mmodzi mwa anthu amene ndinawalakwira ali m'manda.

M'mawa uno, pamene unkayesa kuti ndapita kukaona chinangwa, ndinapita kwa a Zakariya. Ndinawapeza atakhala padzuwa akusenda nyemba mopapasa, poti maso aja atha. Ndinagwada pa fumbi, ndinawauza zonse, za maloto, za luzi, za kusamba kwa m'mawa uja. Ndinkayembekezera kuti adabwa kapena akwiya. Anapitiriza kusenda, kenako anati: "Ndinkadziwa kuti simunalote, a Tomasi. Ine ndinakhululuka kalekale, pa manda a mwana wanu paja. Koma Rozina ankadikira. Lamulungu lililonse mukaimirira kuti muwerenge mawu, ankandigwira dzanja n'kunena kuti mwina ndi lero." Ndinalira ngati mwana, Mena, mpaka iwo ndi amene anayamba kunditonthoza ine.

Ndawapempha, ndipo akulu avomera, kuti mawa ikangotha nyimbo yoyamba ndiimirire. Ndikanena pamaso pa mpingo wonse kuti ine Tomasi ndinanama m'dzina la Mulungu, kuti a Zakariya ndi malemu amayi Rozina sanamangepo munthu pakamwa, ndi kuti ufiti umene akhala akuwanenera unabadwira m'mutu mwanga. Ndikafotokozanso za m'mabango, a Zakariya alola, kuti ana inu mudziwe chimene mumaimba. Amayi ako ndiwauza madzulo ano, sakudziwa kuti malotowo ndinapeka, ndipo ndikuopa nkhope yawo kuposa ya mpingo wonse. Anthu adzang'ung'udza. Ena sadzandipatsanso moni, ndipo mwina akulu adzandichotsa pa kuwerenga mawu mpaka imfa yanga. Anzako a kwaya adzakuyang'ana. Ndikupepesa kuti tsiku lako lonyamuka ndaliika manyazi otere, koma sindinafune kuti upite kutali ukundiyesa munthu amene sindili.

Kalata yako ya mpingo ilipo. A Zakariya anauza mlembi kuti ailembe Lolemba, m'mawa mwake mwa tsiku lija unawakhazika pansi, ndipo anauza mlembiyo kuti alembemo kuti ndiwe mwana wokhulupirika wa mawu okoma, akakulandire bwino. Aiika m'Baibulo mwawo. Ndinawapempha kuti andipatse ndikubweretsere, anakana, anati kalata yotere munthu amalandira yekha ndi manja awiri. Sindikukakamiza, wakula, ndipo mota ya amalume ako idzanyamuka kaya watenga kaya sunatenge. Chimene ndikupempha n'chakuti mawa usakhale ku kwaya. Ukhale pafupi, pamene ungandione bwino. Nyimbo yoyamba tiimbe motsitsa, kenako uone bambo ako akugwada pamaso pa anthu amene akhala akuwapatsa ulemu wosawayenera. Ukaona kuti ndadzuka ndili moyo, udzadziwa kuti nawenso ungathe.

Ndine bambo ako wokukonda, amene wachedwa,

Tomasi